Mapiramidi ndi mizinda ya atsamunda ku Mexico: zoyenera kudziwa musananyamuke

Ambiri a ife tikamva za mapiramidi timaganiza za ku Egypt. Koma dziko la Mexico nalo lili ndi mapiramidi ochuluka, ndipo kwa ife amene tikukhala ku United States, Canada kapena Britain, kukafika kumeneko sikovuta. Pali ndege zochokera ku London komanso m'mizinda yambiri ya ku United States zimene zimakatera ku Mexico City kapena ku Cancún osaima kwina.

Makampani okonza maulendo amakonda kugawa ulendowu pawiri, tsiku lina kumabwinja, tsiku lina kumizinda yakale ya atsamunda a ku Spain. Ife tikuona kuti zinthu ziwirizi ndi nkhani imodzi. M'malo ambiri tchalitchi chimene mukuchijambula chaima pamene panali kachisi wa eni dziko, ndipo miyala ya m'makoma ake inagumulidwa ku piramidi. Munthu akadziwa zimenezi amaona zambiri zimene alendo anzake amangozidutsa. M'nkhani ino tafotokoza malo akuluakulu, mbiri yake mwachidule, ndi zofunika pokonzekera ulendo.

Mapiramidi a ku Mexico ndi otani

Mapiramidi otchuka a ku Giza ndi manda a mafumu, ndi osongoka pamwamba, ndipo anamangidwa zaka zoposa 4,500 zapitazo. A ku Mexico ndi osiyana nawo. Ali ndi masitepe okwerera, pamwamba pake ndi pafulati, ndipo pamenepo pankakhala kachisi. Piramidi inali ngati phiri lomangidwa ndi anthu lokwezerapo nyumba ya mulungu wawo, kuti khamu limene lasonkhana pabwalo pansi lizitha kuona ansembe akuchita mwambo.

Kamangidwe kake nako n'kosiyana. Mfumu yatsopano ikafuna kuonetsa mphamvu zake, nthawi zambiri sinkagwetsa piramidi yakale. Inkaikuta ndi ina yokulirapo. N'chifukwa chake akatswiri ofukula zinthu zakale akaboola piramidi imodzi amapezamo ina mkati, nthawi zina zingapo. Miyala yotuwa imene timaona lero sinkaonekanso kale, chifukwa makoma ankawatsira pulasitala wa laimu n'kuwapaka utoto, makamaka wofiira.

Omanga sanali mtundu umodzi. Kum'mawa, ku Yucatán ndi Chiapas, kunali Amaya. Kumwera, ku Oaxaca, kunali Azapotec ndi Amixtec. Pakati pa dziko panali anthu a ku Teotihuacan, ndipo patapita zaka mazanamazana panabwera Amexica, amene ambiri timawadziwa kuti Aaztec. Anthuwa ankamanga opanda zida zachitsulo, opanda ng'ombe kapena abulu onyamula katundu. Mwala uliwonse unafika pamalo ake ndi mphamvu za munthu.

Abale athu a ku Zimbabwe akudziwa mmene azungu ena ankakanira kuti Great Zimbabwe anamangidwa ndi anthu akuda. Ku Mexico kunachitikanso zofanana. Panali olemba amene ankati mizinda ya Amaya inamangidwa ndi anthu ochokera ku Egypt kapena ku Israel. John Lloyd Stephens ndi Frederick Catherwood, amene anayendera mabwinjawa kuyambira mu 1839, anali m'gulu la oyamba kunena poyera kuti omanga ake ndi makolo a Amaya omwewo amene ankalima m'mbali mwa mabwinjawo.

Mmene atsamunda anamangira pamwamba pake

Hernán Cortés anafika pagombe la Veracruz mu 1519 ndi asilikali mazana angapo. Sakanagonjetsa Amexica yekha. Anathandizidwa ndi asilikali zikwizikwi a mitundu ina, makamaka a ku Tlaxcala, amene anali adani a Amexica. Nthomba nayo, imene inafika mu 1520, inapha anthu osawerengeka chifukwa matendawa anali achilendo kumeneko. Likulu la Amexica, Tenochtitlan, linagwa pa 13 Ogasiti 1521, ndipo mfumu yawo yomaliza, Cuauhtémoc, inagwidwa. Dzikolo linakhala m'manja mwa Spain mpaka mu 1821.

Mizinda ya atsamundawa ili ndi kamangidwe kofanana. Pakati pali bwalo lalikulu la ngodya zinayi. Mbali imodzi kuli tchalitchi chachikulu, mbali ina nyumba ya boma, ndipo misewu yowongoka imayambira pabwalopo. Kumanga tchalitchi pamalo a kachisi chinali chinthu chochita dala. Ansembe ankafuna kuti anthu apitirize kubwera pamalo amene anazolowera kupembedzerapo, koma apezepo mtanda. Miyala yosemasema inalinso pomwepo, yosafuna kukaitenga kutali. Amene ankagumula ndi kumanga anali eni dziko omwe, mokakamizidwa, pamodzi ndi akapolo ochokera ku Africa amene ankalowera padoko la Veracruz.

Atsamunda ankati akuthetsa mchitidwe wopereka anthu nsembe. N'zoona kuti mchitidwewu unalipo, ndipo mafupa ndi zigaza zofukulidwa m'akachisi ndi umboni wake. Komanso n'zoona kuti nkhondo, matenda ndi ntchito ya kalavulagaga zinatha anthu mamiliyoni ambiri m'zaka 100 zoyambirira za utsamunda.

Mexico City

Mzindawu unamangidwa pamwamba pa Tenochtitlan, amene anali pachilumba m'nyanja ya Texcoco. Nyanjayo inaphwetsedwa pang'onopang'ono, ndipo popeza pansi pake ndi dothi lofewa, nyumba zambiri zakale zikutitimira. Mukaima pabwalo lalikulu lotchedwa Zócalo mudzaona nokha kuti makoma ena ndi opendekeka.

Tchalitchi chachikulu cha pabwaloli chinayamba kumangidwa mu 1573 n'kutha mu 1813. Pambali pake penipeni pali mabwinja a Templo Mayor, kachisi wamkulu wa Amexica. Pamwamba pa piramidi imeneyi panali tiakachisi tiwiri, kena ka Huitzilopochtli, mulungu wa nkhondo ndi dzuwa, kena ka Tlaloc, mulungu wa mvula. Mu Febuluwale 1978 anthu ogwira ntchito ya magetsi akukumba anagunda chimwala chozungulira chosemedwa chithunzi cha mulungu wamkazi Coyolxauhqui. Boma linagwetsa nyumba zingapo kuti malowo afukulidwe, ndipo ntchitoyo inatsogoleredwa ndi Eduardo Matos Moctezuma. Lero mlendo amayenda pakati pa makoma a akachisi amene anamangidwa wina pamwamba pa mnzake, uku akuona nsanja za tchalitchi.

Malo ena oonetsa bwino nkhaniyi ndi Tlatelolco, pabwalo lotchedwa Plaza de las Tres Culturas, kutanthauza bwalo la zikhalidwe zitatu. Pamenepa pali mabwinja a akachisi, tchalitchi cha Santiago chomangidwa ndi miyala yawo, ndi nyumba zosanja zamakono. Ndi pomwenso asilikali anawombera ophunzira ochita zionetsero pa 2 Okutobala 1968.

Tikulangiza kuti tsiku loyamba mukalithere ku Museo Nacional de Antropología, nyumba yosungiramo zinthu zakale imene ili m'paki ya Chapultepec ndipo inatsegulidwa mu 1964. Zipinda zake zinagawidwa potengera mitundu ya anthu ndi madera awo, choncho mukatuluka mumakhala mukusiyanitsa za Amaya ndi za Amexica. Mwala wotchuka wa Dzuwa, umene unapezeka pa Zócalo mu 1790, uli mmenemu. Lolemba sakutsegula.

Teotihuacan

Mabwinja a Teotihuacan ali pa mtunda wa makilomita pafupifupi 50 kumpoto chakum'mawa kwa Mexico City. Mabasi opita kumeneko amanyamukira pa depoti ya Autobuses del Norte ndipo amayenda pafupifupi ola limodzi.

Anthu ambiri amaganiza kuti mzindawu unamangidwa ndi Aaztec, koma si choncho. Unakula m'zaka zoyambirira Yesu atabadwa, ndipo utafika pachimake unali ndi anthu osachepera 100,000. Cha m'ma 550 nyumba zikuluzikulu za pakati pa mzinda zinatenthedwa, anthu n'kuyamba kubalalika. Amexica anaupeza uli kale bwinja. Ndiwo anaupatsa dzina lakuti Teotihuacan, limene m'chinenero chawo cha Nahuatl limanena za malo amene milungu inakhalirako.

Piramidi ya Dzuwa ndi yaitali mamita pafupifupi 65, ndipo mbali iliyonse ya tsinde lake ndi yoposa mamita 220. Piramidi ya Mwezi, yocheperapo, ili kumapeto kwa msewu waukulu wotchedwa Calzada de los Muertos, msewu wa akufa. Musathere nthawi yonse pa ziwirizi. Kumwera kuli kachisi wa Njoka ya Nthenga, amene makoma ake ali ndi mitu ya njoka yosemedwa pamiyala. Pansi pake mu 2003 panapezeka njira yapansi panthaka yodzaza ndi zinthu zoperekedwa nsembe. M'mbali mwa mzinda, monga ku Tepantitla ndi Tetitla, muli nyumba zimene mabanja ankakhalamo, ndipo zithunzi zopaka pamakoma ake zikuonekabe. Kumeneko n'kumene munthu amaona kuti pano panali mzinda wa anthu ophika, ochita malonda ndi olera ana. Malowa ndi aakulu ndipo mthunzi ndi wosowa, choncho lawirirani.

Cholula ndi Puebla

Kuchokera ku Mexico City, basi imayenda maola awiri kukafika ku Puebla. Pafupi ndi mzindawu pali Cholula, kumene kuli piramidi imene imaposa ina iliyonse padziko lapansi tikawerengera kuchuluka kwa dothi ndi njerwa zake. Siitali ngati ya ku Giza, koma tsinde lake ndi lotambalala mamita pafupifupi 400 mbali iliyonse. Munthu wosadziwa angoona phiri lomera udzu ndi mitengo, pamwamba pake pali tchalitchi chachikasu cha Nuestra Señora de los Remedios chimene chinayamba kumangidwa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1500. Dzina lake la Chinahuatl, Tlachihualtepetl, limatanthauza phiri lopangidwa ndi manja. Akatswiri anakumba njira za makilomita pafupifupi 8 mkati mwake pofufuza mapiramidi akale amene anakutidwa. Kukacha bwino, mukaima pakhomo la tchalitchicho mumaona phiri lotulutsa utsi la Popocatépetl. Mu Okutobala 1519 asilikali a Cortés ndi anzawo anapha anthu zikwi zingapo mumzinda uno.

Puebla ndi wosiyana ndi mizinda inayi chifukwa sanamangidwe pa mzinda wa eni dziko. Anakhazikitsidwa mu 1531 kuti akhale mzinda wa anthu ochokera ku Spain, panjira ya pakati pa Veracruz ndi likulu. Nyumba zake zambiri n'zokutidwa ndi matailosi okongola otchedwa Talavera. Kaoneni Capilla del Rosario, kachipinda kopemphereramo kokutidwa ndi golide kamene kanatha mu 1690, ndi Biblioteca Palafoxiana, laibulale yoyambitsidwa mu 1646. Amene mukukhala ku United States mumamva za chikondwerero cha Cinco de Mayo. Chiyambi chake ndi nkhondo imene asilikali a Mexico anagonjetsa a ku France kuno ku Puebla pa 5 Meyi 1862.

Monte Albán ndi Oaxaca

Kumwera kwa Puebla kuli chigawo cha Oaxaca, kwawo kwa Azapotec. Cha m'ma 500 Yesu asanabadwe, iwo anasalaza nsonga ya phiri lotalika mamita pafupifupi 400 kuchokera m'chigwa n'kumangapo mzinda wa Monte Albán. Unali likulu lawo kwa zaka zoposa 1,000 mpaka unasiyidwa cha m'ma 800. Bwalo lake ndi lalikulu kwambiri, lozunguliridwa ndi mapiramidi aafupi, ndipo mbali zonse mumaona zigwa ndi midzi pansi. Palinso miyala yosemedwa zithunzi za anthu opindika miyendo. Kale ankati ndi ovina, koma akatswiri ambiri lero amati ndi adani ogwidwa pankhondo.

Mu 1932 Alfonso Caso anafukula manda otchedwa nambala 7 n'kupezamo zinthu zambiri za golide, siliva ndi miyala yamtengo wapatali, zimene Amixtec anaikamo mzindawo utasiyidwa kale. Chuma chimenechi chili mumzinda wa Oaxaca, m'nyumba yakale ya ansembe yogundana ndi tchalitchi cha Santo Domingo. Choncho m'mawa mungaone mandawo paphiri, masana n'kukaona zimene zinali mkati mwake. Ku Mitla, chakum'mawa kwa mzindawu, tchalitchi cha San Pablo chaima mkati mwenimweni mwa mabwinja, moyandikana ndi makoma okongoletsedwa ndi timiyala tolumikizidwa popanda matope.

Benito Juárez, amene anakhala pulezidenti wa Mexico m'zaka za m'ma 1800, anali Mzapotec wobadwira m'mudzi wa Guelatao m'chigawo chino mu 1806. Oaxaca amadzaza kwambiri mu Julayi pa chikondwerero cha magule cha Guelaguetza, komanso pa 1 ndi 2 Novembala pamene mabanja amakumbukira akufa awo. Ngati mukupita nthawi imeneyi, pezeranitu malo ogona.

Chichén Itzá ndi Uxmal

Yucatán ali kum'mawa kwenikweni, ndipo ambiri amafikako pandege. Ndi dera lotentha, lafulati, lopanda mitsinje yooneka pamtunda. Madzi amapezeka m'zitsime zachilengedwe zakuya zotchedwa cenote, ndipo mizinda ya Amaya inkamangidwa pafupi nazo.

Chichén Itzá ali pa mtunda wa makilomita pafupifupi 200 kuchokera ku Cancún ndi 120 kuchokera ku Mérida. Piramidi yake yotchuka, El Castillo, ndi kachisi wa Kukulkán, njoka ya nthenga. Ndi yaitali mamita 30 kuphatikizapo kachisi wa pamwamba. Mbali iliyonse mwa zinayi amaiwerengera masitepe 91, ndipo mukaphatikiza ndi pamwamba pake zimakwana 365, monga masiku a chaka. Cha pa 21 Malichi ndi 22 Sepitembala, pamene usana ndi usiku zimalingana, dzuwa la madzulo limapanga mthunzi wooneka ngati njoka ikutsika masitepe a kumpoto. Masiku amenewo anthu amachita kuthithikana. Pafupi pake pali bwalo la mpira lalitali mamita 168, lalikulu kuposa ena onse a mtunduwu, kumene osewera ankamenya mpira wa labala ndi chiuno. Palinso Cenote Sagrado, chitsime chimene ankaponyamo golide, ziwiya ngakhalenso anthu popempha mvula.

Uxmal, makilomita pafupifupi 80 kumwera kwa Mérida, salandira anthu ambiri chotero, koma zosemasema zake n'zapamwamba kwambiri. Piramidi yake yaikulu ili ndi ngodya zozungulira, zimene sizipezeka kawirikawiri. Pamakoma pali nkhope zambirimbiri za mphuno yaitali zimene ambiri amati ndi za Chaac, mulungu wa mvula. Dera lino lilibe zitsime zachilengedwe zokwanira, moti anthu ankasunga madzi a mvula m'maenje omangidwa pansi. Aliyense amene anakulira kumudzi n'kudikirapo mvula yobzalira amvetsa chifukwa chake mulunguyu ali paliponse.

Mérida, Izamal ndi Maní

Mérida anakhazikitsidwa pa 6 Januwale 1542 ndi Francisco de Montejo wamng'ono pamalo a mzinda wa Amaya wa T'ho. Mapiramidi a mzindawo anagumulidwa, miyala yake n'kumangira tchalitchi chachikulu cha San Ildefonso chimene chinatha mu 1598. Pabwalo lomwelo pali nyumba ya banja la Montejo ya mu 1549. Yang'anani pamwamba pa khomo lake: pasemedwa asilikali awiri a ku Spain ataponda mitu ya anthu.

Ku Izamal, tauni yopakidwa utoto wachikasu, nyumba ya ansembe ya San Antonio de Padua inamangidwa pa tsinde la piramidi imene anaidula pamwamba. Piramidi ina, Kinich Kakmó, idakalipo pakati pa nyumba za anthu. Papa John Paul II anafika pamalowa mu 1993 kudzakumana ndi eni dziko.

Wansembe amene anatsogolera ntchito ya ku Izamal anali Diego de Landa. Pa 12 Julayi 1562, m'tauni ya Maní, iye analamula kuti mabuku a Amaya ndi zifanizo zawo zitenthedwe. Amaya anali ndi zilembo zawozawo, ankadziwa kugwiritsa ntchito ziro powerengera, ndipo ankalemba za kayendedwe ka nyenyezi. Mabuku awo akale amene atsala lero ndi anayi okha, ndipo atatu ali ku Ulaya, ku Dresden, Madrid ndi Paris. Landa yemweyo analembanso buku lofotokoza miyambo ya Amaya ndi zina mwa zilembo zawo, ndipo ndi limene linathandiza katswiri wa ku Russia, Yuri Knorozov, kupeza njira yowerengera zilembozo mu 1952.

Tauni ya Valladolid, makilomita pafupifupi 40 kuchokera ku Chichén Itzá, ndi malo abwino ogonapo kwa ofuna kulawirira kumabwinja. Nayo inamangidwa pa mzinda wa Amaya wa Zací, ndipo inali pakati pa nkhondo imene Amaya anaukira eni minda ikuluikulu kuyambira mu 1847.

Palenque

Amene ali ndi masiku okwanira apitirire ku Palenque, m'nkhalango za Chiapas. Kuno kuli piramidi imene inalidi manda. Mu 1952 Alberto Ruz Lhuillier, atatha zaka zingapo akuchotsa miyala imene inatseka masitepe obisika mkati mwa piramidi yotchedwa Templo de las Inscripciones, anafika m'chipinda mmene munagona mfumu K'inich Janaab' Pakal. Mfumuyi inalamulira kuyambira 615 mpaka 683, ndipo inaikidwa itavala chophimba kumaso cha miyala yobiriwira. Alendo salowanso m'mandamo, koma chifaniziro chake chili m'nyumba yosungiramo zinthu zakale pamalopo ndiponso ku Mexico City.

Eni ake akadalipo

Mabwinja angachititse munthu kuganiza kuti anthu ake anatha. Sanathe. Anthu oposa 1.5 miliyoni amayankhula Chinahuatl, ndipo oposa 700,000 amayankhula Chimaya cha ku Yucatán. Boma limavomereza zinenero 68 za eni dziko. Mayi wogulitsa nsalu pachipata cha Chichén Itzá kapena dalaivala wa ku Valladolid akhoza kukhala kuti kunyumba kwake amayankhula Chimaya. Pakalembera wa 2020, anthu oposa 2.5 miliyoni ananenanso kuti ndi zidzukulu za anthu ochokera ku Africa. Ku Veracruz kuli tauni ya Yanga, yotchedwa dzina la mtsogoleri wa akapolo othawa amene analimbana ndi asilikali a Spain mu 1609.

Ife tili ndi chifukwa chinanso choonera dzikoli mwachidwi. Chimanga chimene timati ndi moyo chinayambira kumwera kwa Mexico, kumene alimi anachiweta kuchokera ku udzu wakutchire wotchedwa teosinte zaka pafupifupi 9,000 zapitazo. Ku Africa chinafika ndi zombo za Apwitikizi pambuyo pa chaka cha 1500. Munda wa makolo wa kumeneko, umene amautcha milpa, umakhala ndi chimanga, nyemba ndi maungu pamodzi, monga minda yambiri ya kwathu. Anthu amene ananyamula miyala ya mapiramidiwa ankadya zomwezi. Kusiyana kuli pa kakonzedwe. Iwo amayamba awiritsa chimanga m'madzi othira laimu kapena phulusa, kenako n'kuchipera kuti apange tizikondamoyo topyapyala totchedwa tortilla. Kakonzedwe kameneka kamathandiza thupi kupeza zofunika zina za m'chimanga zimene zimateteza ku matenda a pelagra.

Kukonzekera ulendo

Ziphaso. Okhala ndi pasipoti ya Britain kapena United States safunika viza pokacheza. A pasipoti ya Malawi amafunika viza, koma Mexico yakhala ikulola kulowa popanda viza yake anthu amene ali ndi viza yogwira ntchito, kapena chilolezo chokhazikika, cha United States, Canada, Britain, Japan kapena mayiko a Schengen. Malamulowa amasintha, choncho funsani ku ofesi ya kazembe wa Mexico m'dziko limene mukukhala musanagule tikiti. Ngati ndege yanu ikudzera ku United States, mufunikanso chilolezo cha kumeneko ngakhale mukungosintha ndege. Amene mapepala anu okhalira kunja sanalongosoke, funsani kaye wodziwa malamulo, chifukwa kutuluka n'kosavuta koma kubwerera kungakanike.

Nyengo. Kuyambira Novembala mpaka Epulo mvula imakhala yochepa, ndipo ndi nthawi yabwino yoyendera mabwinja. Ku Yucatán kumatentha koopsa mu Epulo ndi Meyi, ndipo mphepo zamkuntho zimatha kufika pakati pa Juni ndi Novembala. Mexico City ali pamalo okwera mamita 2,240, kuposa nsonga ya phiri la Zomba, moti usiku kumazizira ndipo masiku oyamba munthu amatha kuchita befu. Odwala mtima kapena BP akambirane ndi dokotala asananyamuke.

Mayendedwe. Mabasi a kampani ya ADO amalumikiza Mexico City, Puebla, Oaxaca ndi mizinda ya ku Yucatán. Sitima yapamtunda ya Tren Maya, imene inayamba kuyenda mu Disembala 2023, imadutsa ku Cancún, Valladolid, Chichén Itzá, Izamal, Mérida ndi Palenque. Kumbukirani kuti nthawi ya ku Cancún ili patsogolo ndi ola limodzi poyerekeza ndi ya ku Chichén Itzá ndi Mérida.

Pamabwinja. Malowa amayang'aniridwa ndi bungwe la boma la INAH, lokhazikitsidwa mu 1939. Ambiri amatsegula 8 koloko m'mawa kapena chapomwepo. Lamlungu nzika za Mexico zimalowa ulere m'malo ambiri, choncho kumadzaza. Ku Chichén Itzá ndi Uxmal mumalipira kawiri, ku INAH ndi ku boma la chigawo. Tengani ndalama za peso m'manja, chipewa, madzi ndi nsapato zolimba. Kukwera El Castillo n'koletsedwa, ndipo amene aphwanya lamuloli amalipitsidwa chindapusa. M'malo ena tsatirani zikwangwani. Kutola phale kapena kamwala kosemedwa ndi mlandu. Pemphani kaye musanajambule munthu, ndipo m'matchalitchi kumbukirani kuti anthu akupempheramo.

Chitetezo ndi thanzi. Zigawo zina za Mexico zili ndi vuto la magulu a zigawenga, pamene Yucatán ndi chimodzi mwa zigawo zabata. Werengani malangizo a boma la dziko limene mukukhala, yendani masana pa maulendo ataliatali, ndipo musamwe madzi a pampopi.

Ngati masiku ndi ochepa

Mexico ndi dziko lalikulu, ndipo malo onsewa sangatheke bwino pa sabata imodzi. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Wokhala ndi masiku asanu ndi awiri asankhe mbali imodzi. Yoyamba ndi Mexico City, Teotihuacan, Cholula ndi Puebla, n'kuwonjezera Oaxaca ngati masiku afika khumi. Yachiwiri ndi Valladolid, Chichén Itzá, Izamal, Mérida ndi Uxmal. Mbali iliyonse imene mungasankhe, gonani m'mizinda yakaleyo m'malo mongobwera pabasi ya tsiku limodzi kuchokera kugombe. Mukatero mudzafika kumabwinja dzuwa lisanakwere, ndalama zanu zidzatsala ndi anthu a m'deralo, ndipo madzulo mudzakhala ndi mpata woyang'anitsitsa makoma a matchalitchi, mmene mwina mungapezemo mwala wosemedwa wochokera ku kachisi amene anali pamalopo.